Akaunti ya Matenda ya Munthu Wosadwala

Ofu, Manu'a
18 Seputembala 2006

Iwe Uelese, mlongo wanga,

Moni. Ife kuno tili bwino, amayi ali bwino, nkhumba zili bwino kupatula imodzi imene tinadya. Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Alaska sichinakudule zala, chifukwa yatha miyezi iwiri osaona kalata yako, ndipo munthu wokhala ndi zala zake amalemba.

Sindizungulira. Amalume a Penitito amwalira ku chilumba chachikulu cha Tutuila, maliro ndi pa 7 Okotobala. Banja lililonse lapatsidwa gawo lake, ifeyo madola 400 ndi makatoni awiri a nsomba zam'chitini. Ine ndi ntchito yangayi yokonza injini za maboti ndapeza 150. Otsalawo ukudziwa kumene achokere. Kumaliroko ndipita ndekha, miyendo ya amayi siyifuna boti masiku ano. Ndikagulakonso zitsulo za injini ya adikoni a Maluseu, imene yakhala pabwalo panga milungu itatu ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Usaimbe foni. Chiwombereni mphepo yamkuntho ija, foni yogwira ntchito mbali yathu ino ndi ya kwa abusa yokha, ndipo ukangoti halo amayi busa amakumbukira kuti pansi pa foniyo sanasesepo. Nkhani za m'banja uzilemba.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Lanuola


Anchorage, Alaska
2 Okotobala 2006

Okondedwa Achemwali,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino pamodzi ndi amayi. Zala zilipo zonse khumi, ndi zomwe zikukweza katundu m'ndege tsiku ndi tsiku. Madola 250 a maliro ndatumiza kale kubanki ya ku Tutuila, mukawapeza.

Tsopano ndili ndi nkhani yofuna mawu anu. Kuntchito atipatsa mapepala oti aliyense asankhe inshuwalansi ya chipatala ya chaka chamawa, ndipo tsiku lomaliza kusayina ndi 30 Novembala. Njira zilipo ziwiri. Yakale, imene ndili nayoyi, amandidula madola 140 mwezi uliwonse, ndipo nditadwala ndingalipire pang'ono chabe. Koma zaka zitatu zonsezi sindinadwalepo ngakhale chimfine. Ndalama zonsezo zangolowa ngati madzi pamchenga.

Yatsopanoyo amadula madola 30 okha. Vuto lake ndi loti ukadwala, madola 1,500 oyamba umalipira wekha, inshuwalansi n'kuyambira pamenepo. Koma amakutsegulira akaunti yapadera ya matenda. Zimene waikamo boma silidulapo msonkho, kampani imathiramo madola 500 pachaka, ndipo ukapanda kudwala sizipsa, zimakhala zako mpaka ukalambe. Kungoti ndi za matenda okha. Ukatapamo kuti ugule zina, boma limakulipiritsa msonkho ndi chindapusa pamwamba.

Anzanga ena akuti kwa munthu wathanzi ngati ine n'zabwino, ena akuti ndi msampha. Koma inu mukudziwa mawu amene anatisiyira atate: mlongo ndi mwanadiso wa mchimwene wake, chachikulu chilichonse ndiyambe ndamva kwa inu. Sindisayina musanayankhe. Ndaikamo kabuku kawo, inu mabuku ovuta mumawamva.

Chonde amayi musawauze za akaunti ya matendayi. Sangamvetse, angodandaula.

Ine mlongo wanu,
Uelese


Ofu
16 Okotobala 2006

Mwana wanga Uelese,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Lanuola sanabwerere ku Tutuila. Nyanja yakwiya, boti silikuyenda, ndipo a ndege akukana bokosi lake la zitsulo kuti lalemera, iye akuti salisiya. Kalata yako wapositi anapatsa ine. Ndinaisunga masiku awiri pansi pa Baibulo. Tsiku lachitatu ndinaitsegula, chifukwa ndine ndinakubala.

Mwana wanga, ukudwala chiyani?

Usandinamize. Munthu wabwinobwino satsegula akaunti ya matenda. Ndipo walemba ndi dzanja lako kuti amayi musawauze. Atate ako anachita chimodzimodzi. Chaka chathunthu ankaika ndalama m'chitini cha mabisiketi kuseri kwa maukonde, ine osadziwa, tsiku lililonse akundiuza kuti ali bwino, pamene phazi likuwola m'nsapato. Nditachipeza chitinicho anati n'za utoto wa boti. Patangotha miyezi isanu tinawaika m'manda pakhomo pano.

Kachiwiri sindilola. Lachisanu ndinapita kwa abusa. Dzulo m'tchalitchi anandiimiritsa, ndinalankhula, ndinalira, mpingo wonse unalira. Madzulo mabanja anabwera ndi maenvelopu, mlembi n'kuwerenga mokweza dzina ndi dzina monga mwa nthawi zonse: madola 1,870 ndi mikeka yaulemu itatu. Ngakhale a Tauveve, amene sitilankhulana zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha malire a munda wa nthochi, anapereka 50. Ndani akanayembekeza?

Kodi iwe ulibe kwanu, kuti ndalama za matenda uzikasungitsa kwa azungu? Ukadwala okusenza ndife. Ndakutumizira mafuta a kokonati ndi masamba a mtengo wa nonu, uziika pamene pakupwetekapo. Undiuze kuti ndi pati. Ndalamazo ndikudikira Lanuola, ndiye amadziwa katumizidwe kake.

Ukachira usaiwale kuti denga la khitchini likudontha.

Amayi ako,
Fetuao


Anchorage
23 Okotobala 2006

Achemwali,

Moni, koma ndi moni wa munthu wozunguzika mutu. Kalata yanga munailandira? Kuno kukuchitika zodabwitsa.

Lachitatu pochokera kuntchito ndinapeza anthu khumi ndi anayi a mpingo wathu wa kuno atadzaza m'chipinda changa, nsapato mulu pakhomo. Akuti amva kuchokera kumudzi kuti ndikudwala. Anandigoneka pampando, kundifunditsa bulangete, kuimba nyimbo zitatu. Mayi wina anandisisita miyendo ndi mafuta mwamphamvu mpaka ndinakuwa, onse n'kuyang'anana: "Mwamva? Ndi miyendo, ngati bambo ake." Ndinati sindikudwala. Anati, "Limba mtima, mwana wathu, timadziwa kuti ndiwe mwamuna." Anasiya nthochi zophika beseni lonse, nkhuku zisanu ndi nkhumba theka. Ndadya, sindikanataya.

Loweruka aphunzitsi a timu yathu ya ragibi anandikhazika pabenchi. Ndinathamanga kuzungulira bwalo kawiri kuti aone okha, iwo n'kumapukuta misozi, amvekere, "Taonani mtima wake mwanayu." Atate ake a Moevanu, mtsikana ndinakuuzani uja, anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti za ukwati tiyambe tadikira, tione mmene Mulungu achitire.

Ndinaphwanya lamulo lanu, ndinaimba kwa abusa. Anaitana amayi, ndinawauza kuti ndili bwino. Anakuwa kuti, "Mawu a bambo ake enieni!" foni n'kugwa pansi. Anaitola ndi amayi busa, amene anandifunsa monong'ona kuti madokotala anena miyezi ingati.

Achemwali, kulikonse kumene muliko bwererani mukazimitse moto umenewu. Ndipo za pepala lija mundiyankhe, kwatsala milungu isanu.

Uelese


Ofu
27 Okotobala 2006

Iwe Uelese,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndi mwambo.

Ndatsika m'boti dzulo nditasanza maola asanu ndi atatu, bokosi la zitsulo paphewa, ndipo woyamba kundilandira padoko anali a Tauveve. A Tauveve! Kundikumbatira, amvekere, "Pepa mwana wanga, pepa." Ndinayesa amayi atisiya. Ndinataya bokosi pamchenga n'kuthamanga osapuma, kukawapeza ali moyo, ali ndi amayi asanu ndi awiri a komiti, akukonza chipinda choti uzidzagonamo pobwera kudzadwalira kwanu. Makatani atsopano apachika kale.

Mutu wakowo umagwira ntchito yanji kupatula kugunda anzako pabwalo? Chilumba chino chili ndi wapositi mmodzi, ndipo ndi msuweni wa amayi. Iwe n'kudzaza kalata ndi mawu oti matenda, matenda, pansi pake n'kuwonjezera kuti amayi musawauze. Bwanji sunangolemba pa envelopu kuti AMAYI TSEGULANI?

Ndawauza kuti sukudwala. Akuti tapangana. Ndiye tamvera. Upite kwa dokotala akakupime kuyambira tsitsi mpaka chikhadabo: shuga, magazi, impso, makamaka mapazi. Alembe pepala, adindepo chidindo. Popanda chidindo amayi sakhulupirira, ndipo kunena zoona inenso sindikukhulupirira kwenikweni. Kusadwalapo ndi kupimidwa ndi zinthu ziwiri. Injini yoti sinazimepo pakati pa nyanja sindiye kuti ili bwino, kungoti sindinaitsegule.

Ndalama za mudzi ndazitsekera m'bokosi la masipanala, envelopu iliyonse ndi dzina lake. Kumeneko sizibwera, usalote.

Tsopano kabuku kakoka. Ndakawerenga kawiri ndi dikishonale ya atate. Ine sukulu ndinalekezera giredi 9, koma buku la injini la masamba mazana atatu ndinalimaliza ndekha pansi pa mtengo wa mango, ndiye anyamata a mataye amene analemba kabukuka asaganize kuti andibisira kanthu m'timalemba tating'onoting'ono. Zina akunena zoona. Kwa munthu wosadwaladwala, wopanda mkazi ndi ana, wosamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, njira yatsopanoyo imasiya ndalama m'thumba mwake m'malo mwa thumba la kampani. Koma pachikuto pali chithunzi cha mzungu akupalasa njinga m'paki, chipewa kumutu, akumwetulira mitengo. Iwe Loweruka lililonse umakagundana dala ndi amuna olemera ngati mafiriji. Ndiye yankha mafunso awa osakometsera.

Loyamba. Ragibi usiya? Ndikudziwa kuti susiya, ndangofunsa kuti ndione ngati waphunzira kunama.

Lachiwiri. Utathyoka mwendo mu Januwale, akauntiyo isanadzaze, madola 1,500 uli nawo lero? Zaka zitatu ukugwira ntchito ku Amereka, uyenera kuti unaika kangachepe pambali. Undiuze nambala yeniyeni, osati "zilipo ndithu". Ngati zilipo, nkhaniyi ndi yosavuta. Ngati palibe, njira imeneyo ndi kulowa panyanja opanda nkhafi chifukwa injini sinakuvutepo.

Lachitatu, ndipo ili ndiye likundinyansa. Kabukuka kakuti ndalamazo ndi za iwe, mkazi wako, ana ako ndi amene umawalemba pa mapepala a msonkho. Maliro ayi. Tchalitchi ayi. Amayi litawapweteka dzino kuno, ayi. Ndi ndalama zamtundu wanji zosadziwa abale? Undiuze chimene chakukopa pa ndalama zaumbombo chonchi, chifukwa kwathu kuno sunaphunzire zimenezo.

Yankha msanga. Ndipo poyankha uikemo madola 120. Anthu obwera kudzakulira amwa tiyi ndi shuga za mwezi wonse m'masiku khumi, ndipo akubwerabe.

Lanuola


Anchorage
9 Novembala 2006

Okondedwa Achemwali,

Moni kwa inu ndi amayi. Madola 120 ali m'katimu. Pepala la dokotala nalo, chidindo chili pansipo. Shuga ali bwino, impso zili bwino, mapazi anawayang'ana mpaka pakati pa zala. Anangoti ndichepetse nyama yamafuta, ine n'kuwauza kuti akauze mpingo, chifukwa akubweretsabe.

Ragibi sindisiya.

Funso lachiwiri mwati nambala yeniyeni. Kubanki kuli madola 84.

Musakuwe. Sindimwa, sindisuta, galimoto ndilibe, jekete ndi lomwe lija ndinagula pofika. Makalata anu onse ndimasunga m'katoni ya nsapato, alipo 31. Dzulo ndinawawerenga onse. Palibe ndi imodzi yomwe yopanda pempho kumapeto. Maliro, ukwati, denga, kutsegulira tchalitchi cha mudzi wa eni, mwambo wolonga amalume ufumu, maliro ena. Sindikudandaula. Zonsezo zinali zoyenera, ndipo ndikudziwa kuti nanunso mumathira zanu zonse momwemo, manja anu ndimawadziwa mmene alili.

Koma mwafunsa chimene chandikopa, ndipo inu mumati mumafuna mawu osakometsera. Si msonkho, Achemwali. Za msonkho sindizimva n'komwe. Tsiku limene mayi wa ku ofesi ankatifotokozera, atafika poti ndalamazi sungazitape pa china chilichonse, anzanga onse anang'ung'udza. Ine mtima unangoti myaa. Mwa mwambo wathu sindingakukanizeni kanthu. Pakamwa panga sipangatuluke "ayi" kwa mlongo wanga, ndipo sindifuna kuti padzatuluke. Koma akauntiyi ingathe kukana m'malo mwanga. Mukapempha ndizipereka zonse za m'thumba monga kale, koma pazikhala kangachepe kena koti wakana si ine, lakana ndi lamulo la boma.

Atate anali ndi chitini kuseri kwa maukonde. Amayi amati ankabisa matenda. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndinkapita nawo kunyanja, ndikudziwa. Ankasonkhanitsa ya ndege kuti akafike kuchipatala chachikulu ku Honolulu. Kawiri konse chitinicho chinatsala pang'ono kukwana, ndipo kawiri konse anachikhuthula chifukwa kunagwa maliro pachibale, iwo osatha kunena kuti alibe. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Chitini chija chinalibe lamulo lochitchinjiriza.

Ndiye nkhani ndi imeneyo. Ndikupempha chilolezo chanu kuti ndikhale ndi bokosi limene inuyo simungalitsegule. Ndikudziwa mmene zikumvekera. Mukati ayi, ndikhala pa yakale ndipo sitidzaitchulanso.

Ine mlongo wanu,
Uelese


Ofu
21 Novembala 2006

Mwana wanga,

Ambuye alemekezeke, chidindo ndachiona, ndachipsompsona. Kenako ndinakhala pansi n'kukumbukira kuti ndinaliritsa mpingo wonse. Nditulukira pati ine? Ku komiti sabata ino sindinapite, ndikumati ndi bondo.

Amayi busa apereka nzeru yabwino. Akuti tinene kuti unadwaladi, mapemphero akuchiritsa, ndipo ndalamazo zipite ku denga la holo ngati chothokozera. Aliyense akondwa, wochita manyazi palibe. Ukaimba foni uzitsokomolako pang'ono, osati kwambiri, ngati munthu amene akupeza bwino.

Koma mlongo wako sindikumumvetsa. Chiwerengereni kalata yako sanakalipire munthu masiku anayi, ngakhale galu. Galuyo akuchita kudabwa. Wamasula injini yake yomwe, yosawonongeka, zitsulo mbwee pamkeka, kuimanga, kuimasulanso. Dzulo anandifunsa za chitini cha atate ako, kuti ndinapezamo zingati. Ndinati madola 60. Anatuluka osadya.

Unamulembera chiyani? Kalatayo akuyenda nayo m'thumba la ovolosi, sindingathe kuifikira.

Amayi ako,
Fetuao


Anchorage
22 Novembala 2006

Achemwali,

Moni. Kwatsala masiku asanu ndi atatu. Mayi wa ku ofesi wandifunsa katatu. Kukhala chete kwanu ndikumva. Ndikapanda kumva china pofika pa 30, ndisiya zonse mmene zilili. Ngati ndinalakwa kulankhula, mundikhululukire.

Uelese


Ofu
28 Novembala 2006

Uelese,

Moni. Tili bwino.

Dzulo pafoni ndinangonena liwu limodzi n'kudula, chifukwa amayi busa anali atasesa malo amodzi mpaka tsache kutha. Ndikubwereza polemba kuti usadzati sunamve bwino: sayina.

Kalata yako inandikwiyitsa kuposa chilichonse chimene unachitapo chibadwire, kuphatikizapo tsiku lija unathira madzi a m'nyanja m'thanki ya mafuta. Ndinalemba mayankho atatu, onse ndinakolezera moto. Loyamba ndinakutcha wosayamika. Lachiwiri ndinakutcha mzungu. Lachitatu ndinayamba kundandalika zimene ndinakuchitira uli mwana, nditafika pa matewera ndinaona ndekha kuti ndikuthawa nkhani. Ine ndimadzitama pachilumba chino kuti ndimauza munthu chilungamo pamaso, koma zaka zitatu sindinakufunsepo funso losavuta loti watsala ndi zingati. Ndalifunsa mwangozi, chifukwa cha kabuku ka mzungu wa njinga. Makalata 31. Unachita kuwawerenga, mfiti iwe. Nanenso ndinatulutsa ako. Palibe imene unapemphapo kanthu, kupatula mawu anga.

Za chitini cha atate sindinkadziwa. Maliro achiwiri aja, amene anapita kukawauza atate kuti gawo lathu lachepa, tichita manyazi pamaso pa abale, ndinali ine. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndi pakamwa pomwepa. Pamenepa sindilembapo zambiri.

Tsopano za Lamulungu. Nzeru ya chozizwitsa ndinaikana. Ndinawauza amayi kuti mudzi uno unatulutsa ndalama zonse zija tsiku limodzi chifukwa unakhulupirira misozi yawo. Tikaudyera bodza lero, tsiku limene udzathyokedi khosi adzatipatsa nyimbo zokha. Amayi anati, "Iwe undipha ndi manyazi." Ndinati, "Manyazi sanapheko munthu pachilumba chino, chimene chinapha atate ndi kuwaopa manyaziwo." Sitinalankhulane masiku awiri. Lamulungu m'mawa ndinapeza diresi langa loyera atalisita, ataliika pampando.

Mapemphero atatha ndinaimirira ndi bokosi la masipanala. Ndinati, "Abale, mlongo wanga sakudwala, sanadwalepo, kungoti sadziwa kulemba kalata. Chidindo ichi." Ndinakweza pepala la dokotala m'mwamba. Kenako adikoni a Maluseu anakweza dzanja: "Nanga miyendo ija?" Ndinati, "Miyendo ili bwino adikoni, ikunenepa ndi nkhuku za mpingo wa ku Alaska." Anthu anaphulika. Wa limba anagwera pa limba lake. Amayi anabisa nkhope kuseri kwa chokupizira, mapewa akugwedezeka, ndipo sikunali kulira.

Ndinapempha mlembi kuti awerenge mndandanda womwe uja, dzina ndi dzina, aliyense abwere adzatenge envelopu yake. Chimangireni tchalitchi chino ndalama sizinayendepo chobwerera, mlembi mpaka anasokonezeka n'kumathokoza anthu chifukwa cholandira zawo zomwe. Mikeka itatu ija ndinabweza ndekha khomo ndi khomo, ndi nsomba pamwamba zopepesera. Amayi busa sakundipatsa moni. Ndipirira.

A Tauveve okha anakana kulandira. Anati, "Mnyamata uja akusewerabe mpira wogundana uja?" Ndinati eya. Anati, "Ndiye sungani, ndingavutike kubweranso." Envelopu yawo ili m'bokosi la masipanala, ndalembapo dzina lako. Za malire a nthochi akuti mlandu ulipobe, tisasokoneze.

Tsono chilolezo changa si chaulere, tchera khutu. Madola 110 amene azitsala pa malipiro mwezi uliwonse azilowa mu akauntimo onse, asadutse m'manja mwako. Kwa dokotala uzipita chaka chilichonse, kabuku kako kakuti kupimitsa kotere salipiritsa, ndipo chidindo chizibwera kuno. Ukamva penapake kupweteka usakhale pansi kuumira ndalama zakozo. Ndawaona anthu oumira mafuta mpaka injini kuuma, ndipo ndikadzamva kuti wachita zimenezo ndidzakwera ndege ndekha, chisanu kapena ayi.

Mpaka akauntiyo itakwana 1,500, za maliro ndi maukwati woyankha kubanja ndine. Akafunsa kuti wa ku Amereka wapereka zingati, "ayi" wake adzatuluka pakamwa panga. Iwe sungathe, ine ndingathe, pakamwa pamenepa pagwireko ntchito yabwino kamodzi. Denga la khitchini ndakhoma ndekha Loweruka. Ukathyoka akauntiyo isanakwane ndigulitsa injini yanga. Ndaimasula kanayi m'milungu iwiri, pano ikulira bwino kuposa yatsopano.

Madola 120 ako ndabweza, ndi omwe aja, sindinawakhudze. Akakutsegulira akauntiyo mu Januwale oyamba kulowa akhale amenewa. Bokosi lokanira ine, woyamba kuikamo ndikhale ine.

Atate ake a Moevanu uwaonetse chidindo. Akapitiriza kudikira Mulungu undipatse adiresi yawo.

Ndine mlongo wako,
Lanuola

Iyi ndi ya 32. Tembenuza pepala, yang'ana kuseri, gwedeza envelopu. Palibe. Uiike pamwamba m'katoni yakoyo.